Kataplana ya Anthu Awiri

Anafika Lachiwiri masana, dzuwa la Ogasiti likuwotcha tauni yonse ya Olhão, alendo atadzaza matebulo a lesitilanti yathu mpaka mumsewu. Sanapereke moni. Anangokhala pakona n'kuitanitsa kataplana, nkhono ndi nkhanu zophikidwa mumphika wamkuwa wotseka.

"Imeneyo ndi ya anthu awiri, bambo," ndinamuuza. "Mnzanu akubwera?"

"Ingobweretsani."

Mnzakeyo sanabwere. Nditaika mphika wamkuwawo patebulo n'kumasula zomangira zake, fungo la adyo, tomato ndi vinyo linati phuu, iye n'kutsinzina ngati akupemphera. Anadya nkhono zonse ndi nkhanu zomwe, msuzi n'kuupukuta ndi buledi. Koma ine ndinaona zina: ndikanyamula mphika, maso ake sankachoka pamanja anga.

Pomwe ankatuluka n'kuti nditamupatsa kale dzina mumtima mwanga, Lourenço, ndi mbiri yake yomwe. Munthu wachinsinsi, wosweka mtima, wodikira mkazi woyenera mpando wachiwiriwo.

Lachitatu anabweranso. Lachinayi chimodzimodzi. Ankadya, kusisita mphika kunsi, kupukusa mutu, n'kumapita. Kulankhula ayi, ngakhale kundifunsa dzina!

"Bambo Awiri afika," anatero azakhali anga a Graciete, eni khitchini, atasuzumira pazenera. "Iwe Mafalda, milomo wapaka chiyani? Ukuoneka ngati walumidwa ndi njuchi."

"Azakhali, munthu uja ali ndi chinsinsi."

"Ali ndi njala. Tenga mbale uko."

Lachisanu linali tsiku langa lopuma. Telmo, chibwenzi changa, anali atandiitana ku chilumba cha Culatra kuti ndikaonekere kwa mayi ake. Anandichenjeza kuti mayiwo saphikira munthu kawiri. Boti linkanyamuka wani koloko. Ine ndinati ndingodutsa kulesitilanti pang'ono, ndione ngati Lourenço angatsegule pakamwa lero.

Anafika mochedwa, ngati dala. Kataplana yokha imafuna theka la ola pamoto, ndipo azakhali safulumizidwa ndi munthu. Foni inkanjenjemera m'thumba. Ndinalanda mphika m'manja mwa mnzanga wogwira naye ntchito n'kukauika ndekha, mwaukali. Unali uja wopindika, umene umatayitsa nthunzi m'mbali n'kumandiwotcha zala tsiku lililonse.

Munthu uja anadzuka, nkhope itawala.

"Ndakupeza!" anatero.

Doko linali pafupi, ndipo ndinamva boti likuliza hutala, koma sindinatembenuke.

"Mwandipeza?"

"Mphikawu. Muli nayo ingati kodi? Tsiku lililonse mumandibweretsera wina."

"Isanu ndi umodzi," ndinayankha, mawu atauma.

"Ndine wosula mkuwa, wa ku Loulé. Uwu ndi woyamba umene ndinasula ndili wophunzira. Aphunzitsi anaugulitsa ndisanaukonze, ndipo mwezi watha ndinamva kuti uli kuno, ukuwotcha anthu. Zala zanuzo ndaziona. Ndikufuna ndikauwongole."

"Ndiye masiku anayi onsewa osangonena bwanji?"

"Manyazi, mlongo. Munthu ungalowe n'kunena kuti mphika woipa uja ndi wanga?" Anameza mate akuyang'ana nkhono. "Komanso ophika anu ndi akatswiri."

Azakhali anali atatulukira kale, chipande m'manja. "Ndinu amene munapanga chilombo chimenechi? Khalani pansi, mudye kaye, ndikutukwaneni bwino mutakhuta."

Ndinathamangira kukhomo. Boti linali litapitirira kale, loyera, laling'ono, likulowera ku Culatra. Pafoni panali uthenga umodzi wa Telmo: "Amayi achotsa mbale yako."

Ndinabwerera, ndinakoka mpando wachiwiri uja n'kukhalapo. Ndi ya anthu awiri, si choncho? Ndinadya ngati ndikulanga munthu, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti inkakoma. Mphika utatsala mbee ndinautembenuza. Kunsi kwake kunali zilembo za dzina la wosula, zokhomedwa ndi nyundo, zokhotakhota ngati mphika womwewo.

Osati Lourenço. Custódio Rocheta.