Njinga ya Mayi a Tupochile

Tupochile anafika pa shedi ya ku Malaga, dera la mumzinda wa Perth, asanavule n'komwe yunifomu yake ya unamwino. Kontena imene Amalawi a ku Perth anasonkherana kuti atumize katundu kumudzi inali ikadali pomwepo. Mkatikati mwake, kuseri kwa mafiriji ndi mabelo a zovala, munali njinga ya olumala ya mayi ake, amene sitiroko inawagwetsa ku Karonga.

"Bambo Lamson, munati inyamuka mwezi watha."

Lamson, tcheyamani wa gulu la Amalawiwo, sanadzuke pampando. "Simukumva nyuzi, mayi? Eni doko, anansi a Malawi aja, atseka chipata. Akuti katundu wopita ku Malawi sadutsa mpaka boma lathu lilole nthochi ndi mpunga wawo m'misika yathu."

"Ndiye idzere doko lina."

"Kumeneko n'kodula, komiti yakana. Tipirire basi. Dziko lisamagwadire mnansi chifukwa choti iye ali ndi doko. Tinafuna kudziimira patokha, ndiye walira mvula walira matope."

Kupirira mavuto a anzake, Lamson anali katswiri. Tupochile mtima unamuwira.

"Matopewo akuponda ndani? Mayi anga akukwawa popita kuchimbudzi, inu muli phee kuno kumenya nkhondo pafoni! Ndipatseni njinga yanga."

"Lamulo mukulidziwa. Cholowa m'kontena sichituluka. Komanso munayamba ndinu kubweretsa, zanu zili kumapeto. Mukufuna titsitse za anthu onse?"

Tupochile anakwera m'kontenamo n'kuyamba kukankhira katundu panja. Oyamba kugwa anali masofa a Lamson, amene anabwera mochedwa n'kukhala pakhomo penipeni.

"Mwapenga? Mukapitiriza, m'gulu muno mwatuluka! Maliro akadzakugwerani musadzatifune!"

Mawuwo anamubaya, pakuti kuchilendo gulu ndiye abale. Anaima pang'ono, kenaka anagwira belo lina.

Pamene ankaitulutsa njingayo, zala zake zinali zitasupuka, ndipo mvula yozizira ya mu Juni inali itayamba. Anaipinda, kuiika m'galimoto, n'kuimbira abwana ake kupempha tchuthi. Anali atatsimikiza kukwera nayo ndege yekha.

Lamson ankathamanga uku ndi uku kufuna pulasitiki yofunditsira masofa ake. Tupochile anatsitsa galasi.

"Pirirani, atcheya. Ndi matope chabe."