Kompyuta Yosadziwa Kuvala Jekete

Bambo wina atangolowa m'kalasi, ana anayamba kutulutsa mafoni akufa m'zikwama zawo. Makolo anali atamva kuti kukubwera katswiri wa makompyuta, ndiye aliyense anapatsira mwana wake kanthu koti akakonzetse.

"Sindikonza mafoni ine," anatero, akuika laputopu yake patebulo.

"Nanga mumatani?" anafunsa mnyamata wina wapatsogolo.

Funso limenelo ndi limene linamubweretsa. Sabata yapitayo aphunzitsi anafunsa ana ntchito za makolo awo, mwana wamkazi wa bamboyo n'kuyankha kuti, "Bambo anga sagwira ntchito, amangokhala pakompyuta." Anzake anamuseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwanayo ankakana kuti bambo ake azimuperekeza kusukulu. Zinamupweteka kwambiri bamboyo. Tsiku limeneli mwanayo anakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope ataibisa kuseri kwa chikwama.

Bamboyo anayamba kufotokoza za mapulogalamu. Mawu anali aataliatali, ana n'kumangoyasamula. Laputopu nayo inasankha nthawi yomweyo kuti izime.

"Sing'anga sadzichiza yekha," anatero aphunzitsi akumwetulira.

Thukuta lili kamukamu, bamboyo anavula jekete, kulimanga mabatani onse, n'kuligoneka patebulo.

"Chabwino. Ine ndine kompyuta. Nzeru ndilibe, ndimangochita zimene mwandiuza. Ndivekeni jeketeli ndi mawu okha."

"Valani," anatero ana.

Anangoima ngati chitsa. "Kompyuta siidziwa kuvala."

"Linyamuleni." Analinyamula. "Liikeni pathupi." Analiika pamutu. Ana anafa nacho chiseko, aliyense n'kumakuwa zake, koma jekete silinkavalika.

"Mwadumpha mabatani," anamveka mawu kumbuyo. Anali mwana wake uja, ataimirira. "Liikeni patebulo, tiyambirenso. Masulani batani lapamwamba. Linalo. Lomaliza. Gwirani kolala ndi dzanja lamanzere. Lowetsani lamanja m'mkono wa jekete, mpaka zala zituluke."

Mwanayo anapitiriza kulamula, bamboyo n'kumatsatira chimodzichimodzi, osawonjezera kanthu, mpaka jekete linakhala m'malo mwake.

"Ntchito yanga ndi imeneyi," anatero. "Ndimalembera makina zochita, chimodzi pambuyo pa chinzake. Akasokoneza, ndimafufuza pamene ndadumpha. Ndi mmene foni imadziwira kotumiza uthenga wanu."

Mnyamata wapatsogolo uja anacheukira mtsikanayo. "Iwe wazidziwa bwanji?"

"Ndimawamva kunyumba akukangana ndi kompyuta yawo. Tsiku lonse amangoti, 'Ndadumpha pati?'"

Belu loweruka litalira, ana anabweza mafoni awo akufa m'zikwama. Bamboyo anatenga laputopu kuti atsogole yekha, monga mmene mwana wake ankafunira masiku amenewo.

"Kompyuta, imani," anatero mwanayo, anzake onse akumva.

Anaima.

"Nyamulani chikwama changa. Tembenukirani kukhomo. Gwirani dzanja langa."

Bamboyo sanadumphe ngakhale chimodzi.