Maliro a Trinta pa Pajina ya Doroteia

Nkhani iyi ndinaimva kwa Lino, womata matayala a njinga pamsika wa Ntengo-Wambalame, tsiku lina mvula itanditsekera m'chisakasa chake.

Doroteia wa ku Tsangano anali ndi pajina yake pa intaneti, yolembapo mauthenga a maliro. Abale okhala ku Tete, ku Beira ndi ku Joni ankaitsegula kuti aone amene watsikira kuli chete kumudzi. Tsono anamva kuti kuli empereza ina, kapena kuti kampani, imene imaika zotsatsa malonda pamapajina a anthu n'kumawalipira, bola pajinayo aivomereze. Anapempha kawiri. Kawiri konse yankho linali lomwelo: nkhani zachepa. Wina anamunong'oneza kuti zikakwana trinta, ndiye kuti makumi atatu, amalola. Iye zake zinali vinte e nove, kupereweza imodzi.

Mwamuna wake Sérgio anali atatopa nazo.

"Amake Rute, foni iyi yadya mbatata zathu zokwanira. Sabata ino ikatha asanakuvomereni, ndikaigulitsa tigule feteleza."

"Yatsala imodzi yokha, bambo."

"Imodzi chiyani? Tadzimverani nokha. Ndiye kuti mukudikira munthu afe?"

Doroteia ankadziwa kuti zinali zoona. Akamva kuti uje wagonekedwa kuchipatala, mtima unkamudumpha mwa mtundu wina, iye n'kumadzida yekha.

Lachitatu m'mawa foni inalira. Anali azakhali ake, a Domingas, kuchokera ku Chidzolomondo: a Narciso, malume ake a Doroteia, anali atamwalira.

"Koma iwe wa zolembalemba, tamvera," anatero a Domingas. "Júlia tamuuza kuti matenda akula. Usalembe kanthu mpaka afike."

Ndimo timachitira kuno. Wakutali sauzidwa za imfa ali yekha. Amamuitana ngati akudzaona wodwala, kuti akamve ali pakati pa manja omugwira. Júlia, mwana wa a Narciso, anali ku Tete, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anali atakwera kale chapa, minibasi ya kuno.

Doroteia ankazidziwa zonsezi. Anakhala pakhonde foni ili m'manja, misozi ili mbwembwembwe, koma mutu ukuwerenga masiku. Empereza imatenga masiku awiri kuti iyankhe. Akadikira mawa, sabata yatha. Ndipo m'mapiri a msewu wa ku Macanga umene Júlia ankadzera, ndani amagwira netiweki? Analemba dzina, anaika chithunzi cha malume atavala jekete la kutchalitchi, natumiza pempho lachitatu.

Akuti chapa itaima pena kuti anthu agule nthochi, Júlia anatsegula foni kuti aone ngati kwabwera uthenga. Anakumana ndi nkhope ya bambo ake. Anakuwa kamodzi n'kugwera pamatumba a anthu. Anamutsitsira pa kachipatala ka m'mbali mwa msewu, ndipo mwana anabadwa wosalira.

A Narciso anaikidwa Lachisanu, mwana wawo wamkazi palibe. Kakhandako amayi okhaokha anali atakataya kale mwakachetechete, monga mwa mwambo. Anthu akubwerera kumanda, foni inanjenjemera m'chitenje mwa Doroteia. Inali empereza ikumufunira mafuno abwino: Parabéns, pajina yavomerezedwa. Pansi pa nkhope ya malume panali kale chithunzi cha nsapato zotsika mtengo.

A Domingas anasuzumira, nayang'ana nthawi yaitali.

"Zakwana trinta, eti? Lembanso wakhandayo, mwana wanga, zipose."

Foni sinagulitsidwe. Koma kuyambira tsiku limenelo palibe amamuuza Doroteia za maliro. Kumpanda kwawo anthu amasiya kulankhula iye akafika, ndipo imfa amaidziwira pa nyimbo zikamadutsa kumsewu. Pajina ilipobe, yovomerezeka, malonda akusinthanasinthana pansi pa uthenga umodzimodzi womwewo.

Ine msewu wa ku Macanga ndauyenda kangapo, ndipo m'mapirimo foni yanga sinagwirepo kanthu. Sindikhulupirira kuti Júlia anaionadi pajinayo ali m'chapa. Ndiganiza kuti mwanayo akanapitabe ndi mabampu a msewu uja, kungoti abale anafuna womuloza chala.