Singano pa Phazi la Erasmo

Anandibweretsera Erasmo atamunyamula pachitseko ngati thumba la mpunga. Mwamuna wangayu ankabira pansi pa nyanja kukagwira nkhanu, botolo la mpweya lili kumsana. Tsiku limenelo anavuuka mofulumira kuposa mmene thupi lingapirire, miyendo n'kukana kugwira ntchito. Kuno ku Mosquitia, dera lathu la m'mphepete mwa nyanja, matenda amenewa si achilendo, makomo ambiri ali ndi bambo wongokhala pakhonde, miyendo itafota. Koma Erasmo, ndi mutu wake woumawo, ankati lake ndi dzanzi chabe, bwato likamabwerera kunyanja iye akwera nawo.

Kuchipatala, Dokotala Zelaya, mayi wamfupi wosadziwa kuseka, anatulutsa singano.

"Ichi ife timati estímulo," anatero. "Ndi chilichonse chogogoda pathupi kuti thupilo liyankhe, kaya kuwala, phokoso, moto, kapena kubaya. Ine ndigogoda, inu mundiuze ngati mwamva. Miyendo ikayankha, ndiye kuti mwina mudzayendanso."

"Bayani, adokotala," anatero Erasmo. "Mkazi wangayu amandibaya ndi lilime m'mawa uliwonse, koma ndilipo."

"Mukanamamvera lilime limenelo bwenzi muli apa, bambo a Yesenia?" ndinamubwezera. Ndinkalankhula mwaukali, koma mantha anali atandigwira.

Dokotala anabaya pachifuwa. Erasmo anadzidzimuka n'kutukwana. Anabaya pamchombo, iye anati wamva. Pabondo, wamva. Pachidendene, wamvanso. Ndinatsala pang'ono kugwada pansi kuthokoza Mulungu. M'mutu mwanga ndinali nditamuona kale akukwera yekha makwerero a nyumba yathu, ine ndikumukalipira kuti walowa ndi matope.

Dokotala sanasangalale nane.

"Bambo, maso anu akutsata dzanja langa. Tsinzinani. Mayi, aphimbeni kumaso ndi nsaluyo."

Ndinamuphimba. Chipumi chake chinali chitanyowa ndi thukuta, ngakhale m'chipinda munalibe kutentha kwenikweni.

Dokotala anaima kumiyendo, singano ili m'mwamba, osakhudza kanthu.

"Eya, ndamva," anatero Erasmo. "Chala chachikulu, phazi lakumanja. Mwaona, Ermelinda? Ndimakuuzani."

Dokotala anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Ndinamukwiyira mwamuna wanga chifukwa cha bodzalo, ndiponso ndinamumvera chisoni chimene sindinachimvepo pa munthu aliyense. Ankanamiza dokotala, koma bodzalo ankaphikira ine.

Kenako dokotala anagwira phazi lomwelo, phazi losweka ndi mchere limene ndakhala ndikulipaka mafuta a kokonati zaka zonsezi. Analowetsa singano pansi pa chala chachikulu, osati mwachifundo. Kadontho ka magazi kanatuluka, kanatsetsereka mpaka pachidendene, kanadontha pansalu yoyera. Phazilo silinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Erasmo anali chigonere, nsalu ili kumaso, khutu lili tcheru.

"Pitirizani, adokotala," anatero. "Mukudikira chiyani?"