Kachotupa ka Achemwali

Tinali pabalaza, tikugawa zovala za malemu amayi, pamene achemwali anga ananena kuti apeza kachotupa m'bere lakumanzere. Ananena motsitsa mawu, akupinda bulauzi, ngati akunena kuti shuga watha.

"Mawa tilawirire kuchipatala," ndinatero.

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Kuchipatala kukatani? Akamumalize ngati mayi ake? Munthu analowa akuyenda yekha, iwo n'kumuthira madiripi mpaka tsitsi lonse kusosoka!"

"Amayi inawapha ndi khansa, azakhali, osati diripi."

"Nanga bwanji chotupa chija chinaphwa, kenako n'kubwerera ndi ukali? Chotupa sachiputa, mwana iwe. Ukachiputa chimakwiya."

Ndinapsa mtima. Azakhaliwa anabwera kudzazonda matenda atatseka mphuno ndi mpango, osakhala n'komwe pansi. Ine ndinasiya koleji, maphunziro a sayansi ali pakatikati, kuti ndizigwira beseni amayi akamasanza. Funso lawoli ndinali nditawafunsa kale adokotala m'khonde la wodi, ndikulira.

"Chotupa chilibe mtima woti n'kukwiya," ndinatero. "M'maselo muli timaulusi ting'onoting'ono totchedwa maikro RNA. Ntchito yake n'kutsekereza mauthenga a m'selomo. Mankhwala akavulaza selo ya khansa, pamatuluka uthenga wakuti seloyo ife. M'maselo ena timaulusiti timachuluka n'kuutsekereza uthengawo. M'maselo enanso timene timaletsa selo kulavula mankhwala timachepa, selo n'kumangolavula. Maselo omvera mankhwala anafa, chotupa n'kuphwa. Osamva aja anatsala, n'kuswana."

"Tamumvani pulofesa wopanda pepala!" anatero azakhali, akuseka.

Achemwali sanaseke. Anasiya kupinda n'kundiyang'ana. "Iwe, undiuze zoona. Kwa ine mankhwalawo akagwira?"

Ndinkafunitsitsa kunama.

"Sindikudziwa, achemwali. Mwinanso si khansa n'komwe. Akayeze kaye."

"Wamva? Sakudziwa!" Azakhali anapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo la madzi akuda bii, lotsekera ndi pulasitiki. "Awa ndagula kwa bambo uja wa pa depoti. Supuni m'mawa, supuni madzulo. Tsitsi lako silikhudzidwa ngakhale limodzi."

Ndinaimirira. Mabotolo otere ndinatulutsa ambirimbiri kunsi kwa bedi la amayi.

"Amenewa ndi omwe amayi anamwa miyezi yonse ija, chotupa chikukula! Pofika kuchipatala chinali chitafalikira kale m'khwapa. Adokotala anangogwira n'kupukusa mutu. Mabotolowo ankabwera nawo ndani, azakhali?"

"Ukunditukwana? Ine? Pa zovala za mlamu wanga?"

"Ndangofunsa."

"Ndinakusintha matewera ine, mwana wopanda mwambo!"

Botolo linali patebulo, pakati pa madiresi. Achemwali analinyamula, n'kuliyang'ana kuwala kwa pawindo. Akanatsegula, sindikudziwa chimene ndikanachita.

Analibwezera m'chikwama cha azakhali, n'kutseka zipi bwinobwino.

"Zikomo, azakhali. Mukamubwezere mwini wake."

Azakhali ananyamuka osatsazika, chitseko n'kuchimenyetsa. Tinatsala awiri. Achemwali anatenga siketi n'kuyamba kuipinda.

"Ukalowe nane kwa adokotala," anatero. "Usakandisiye pabenchi ndekha."

"Ndikalowa."

"Ndipo usite malaya. Usakandichititse manyazi pamzere."