Zikhomo za m'munda mwa a Sebastião

Chigwembe chinayamba ngati kanjira ka mbewa. Pofika chaka chachitatu chinali chitameza mizere makumi awiri ya chimanga m'munda mwa a Sebastião ku Mualadzi, ndipo chinali kulunjika pa nkhokwe yawo. Mitambo ikangoda, mkuluyo chakudya chinkamukanika.

M'mawa wina, mvula ili pafupi, anapeza zikhomo zitakhomedwa mopingasa munda wonse. Anali atamva za anthu ena amene anaona zikhomo chaka china, chaka chotsatira n'kusamutsidwa. Anazizula zonse n'kuziponya m'chigwembe.

Posakhalitsa kunabwera mlamu wawo Judite, mkazi wamasiye wa mng'ono wawo, amene amalima kumunsi kwa munda womwewo.

"Alamu, mwazula ndinu? Ndine ndinaitana a Nilton, tekiniku wa zaulimi uja, kuti atiyezere mizere."

"Akufuna munda wanga amenewo! Munthu wa mu ofesi akakusekerera, dziwa kuti waona kanthu pansi pa mapazi ako."

"Munda wake uti? Umene ukuthawira kumtsinjewu?"

"Ine ndisamukira ku Zambia. Pa malire a Cassacatiza ndimaona magalimoto odzaza chimanga. Dziko lawo ndi lodala, lathu lino anatilodzera."

Judite anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Iye anali atakhalako ku Zambiako zaka zisanu ndi chimodzi kwa mwana wake.

"Mawondo amenewo akakufikitsani? Mvula ya uko ndi yomweyi, alamu, siima pa malire. Ine ndinaonako midzi iwiri. Mudzi wina anameta phiri lonse kuotcha makala. Anagula malata ndi njinga zamoto, tonse tinkasirira. Lero zigwembe zawo zingameze chanuchi, ndipo zitsime zinauma. Mudzi winawo amalima mizere yopingasa, satentha mapesi posaka mbewa, misangu sadula. Alibe zonyezimira, koma njala saidziwa. Tsono inu mizere yanu imatsetsereka ngati mukuperekeza madzi kwawo."

"Bambo anga ankalima choncho."

"Nthawi ya bambo anu phiri linali ndi mitengo. Chigwembechi chikamaliza nkhokwe, chilowa m'nyumba."

A Sebastião anayang'ana m'dzenjemo. Munali mozama koposa msinkhu wawo.

A Nilton atabweranso, mkuluyo anawalandira ali chilili.

"Pepala sindisayina, chala sindidinda."

"Palibe pepala, bambo. Ndinalakwa kukhoma musanandione. Chingwe ndi ichi, yezani nokha, ine ndingokusonyezani."

Anayeza okha, akung'ung'udza. Anaunda mizere ikuluikulu motsata zikhomo zatsopano, anabzalamo udzu wa vetiva, ndipo m'chigwembe anatchingamo miyala ndi nsungwi.

Chimvula chinagwa masana ena mu Dizembala, cha mabingu. A Sebastião anaima pakhonde, khutu lili tcheru kudikira phokoso la dothi logumuka. Mvula itakata, anathamanga m'matope osavala nsapato. Madzi anali phee m'mizere, akulowa pansi pang'onopang'ono. Chigwembe sichinasunthe ngakhale phazi limodzi.

"Musadzitame mofulumira," a Sebastião anauza Judite, koma mawa lake anakapempha mbande za misangu.

Abale, tikamafananiza dziko lathu ndi la anzathu, tisamangoona zimene agula chaka chino. Chitukuko chenicheni ndi chimene chimasiya nthaka, mitengo ndi madzi kuti zidzadyetsenso adzukulu. Kukayikira sikulakwa, koma tiyambe tafunsa tisanawononge chimene chabwera kudzatipulumutsa.