Kachilombo ka m'Mwala wa Zelifa

Zelifa anagwira ntchito m'nyumba ina ku Area 10 zaka zisanu ndi zinayi, osasowetsa ngakhale supuni. Bwana wake woyamba, mzungu wofufuza za miyala, pobwerera kwawo anamusiyira kamwala kakuda kokwana m'dzanja. M'kamwalamo munali kachilombo kouma gwa, ka nthiti zambirimbiri, msana wogawika patatu, ngati mphemvu yonenepa. Dzina lake ati tirailobaiti. Kankakwawa pansi pa nyanja yamchere munthu asanaponde dziko, ndipo mtundu wake unatha psiti. Zelifa ankangopsinjira nako mapepala pawindo.

Ndiye m'nyumbamo munalowa Mayi Zikhale, bwana wa ku Capital Hill, ophunzira ndithu, koma mantha okhaokha. Tsiku lina anapita kukanyumba ka antchito kukaona denga lodontha, maso n'kugwera pakamwala. Pofika Loweruka anali atabwera ndi mneneri wa suti yonyezimira, mbaula ili lawilawi pakapinga.

"Chizimba ichi," anatero mneneri, ataima patali. "N'chifukwa chake sakukukwezani pantchito, mayi."

Zamanyazi zedi. Kanthu koti kanafa mapiri asanamere, lero kakhale ndi nthawi yolimbana ndi mafayilo a boma?

"Zelifa, kaponye pamotopo, ulape, nkhani ithe," anatero Mayi Zikhale. "Ukakana, geti ndi ilo."

Zelifa anacheukira a Mackford, mlonda wa panyumbapo, munthu wa kwawo ku Nathenje. Kamwalako sankakafera ayi. Koma akangokaponya, pofika Lamlungu mudzi wonse ukhala utamva kuti mwana wa a Jobu, mkulu wa mpingo, wavomera ufiti ndi dzanja lake. Mtima unamupweteka, kenako unapsa.

"Mayi, ine sindilapa chimene sindinachite," anatero. Anamutambasulira mneneri uja dzanja, kamwalako kali m'manja. "Ngati n'chizimba, tengani muponye nokha. Si inu amphamvu?"

Mneneri anabwerera chafutambuyo mpaka kuponda maluwa.

Zelifa sanadikire kuuzidwa kawiri. Anamanga zovala m'chitenje, n'kusenza. Kogona usiku umenewo sankakudziwa, koma kamwalako sanakabise, anakanyamula poyera.

A Mackford anatsegula geti n'kupanikizika kukhoma kuti chitenje chake chisawakhudze. Bambo oti anadya nawo paukwati wake! Zimenezo zinamuwawa kuposa ntchito.

Anaima, n'kuwayang'ana m'maso.

"A Mackford, ndikudziwa mukanena kumudzi. Kaneneni zonse. Musakaiwale kunena kuti ndinakana."